Phulusa la M'munda Liyambe Layesedwa Lisanalowe M'khoma

Aliyense amene anadutsapo pa chigayo chokonolera mpunga ku Karonga, ku Nkhotakota kapena m'mbali mwa nyanja ya Chilwa pa nyengo yokolola anaonapo mulu wa mankhusu kuseri kwa chigayocho. Mulu umenewu umakula tsiku ndi tsiku kufikira mwini chigayo atatopa nawo. Ena amabwera kudzatapako pang'ono kuti akayale m'khola la nkhuku, ena amakaotchera njerwa, koma wotsalawo amangouyatsa moto ndipo umanyeka pang'onopang'ono kwa masiku ambiri, utsi uli tolotolo m'mudzi monse. Pa nthawi yomweyo, mwina pa mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pa chigayopo, mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu amakhala pansi nkumawerengera matumba a simenti amene akusowa kuti amalize chipinda chophunziriramo chimene makolo anayamba kumanga mwa ntchito yodzithandiza.

Zinthu ziwirizi zikukhudzana. Akatswiri a zomangamanga m'maiko ambiri anatsimikiza kale kuti phulusa la mankhusu a mpunga, ndiponso la zotsala za nzimbe zofinyidwa, lingathe kulowa m'malo mwa gawo lina la simenti popanda kufooketsa konkire. Nkhani imeneyi yayamba kumveka pakati pa amisiri athu, ndipo ife tikuilandira. Koma tikufuna kunena poyera kuti phulusa limene akatswiriwo akunena si lililonse. Ndi phulusa lootchedwa mwa muyezo, loperedwa mwa muyezo, ndipo loyesedwa lisanagwiritsidwe ntchito. Dziko likalekerera kuti nkhaniyi iyende ngati mphekesera chabe, kopanda lamulo ndi chiphunzitso, chimene chikanakhala chuma chidzasanduka njira yatsopano yobera simenti ya boma.

Nkofunika kuti tiyambe taona chifukwa chake nkhaniyi yafika pokhala yofunika chonchi. M'chaka cha 2018 boma linakhazikitsa malamulo, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, oletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Cholinga chinali chabwino, pakuti aliyense waona mmene mauvuni a njerwa amezera mitengo ya m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Komabe akulu anati walira mvula walira matope. Pamene talamula kuti sukulu ndi zipatala zimangidwe ndi njerwa za simenti kapena za dothi lophatikiza simenti, tachulukitsanso njala ya simenti. Ndipo simenti, ngakhale itapangidwa m'dziko momwe muno, imadalira zinthu zambiri zogula ndi ndalama zakunja, monga zitsulo za makina ndi mafuta a magalimoto oinyamula. Pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, aliyense amene anali ndi nyumba yosamaliza anamva kuwawa kwake.

Aphunzitsi athu ayenera kudziwa bwino mmene simenti imapangidwira, chifukwa pamenepo ndi pamene pali maziko a nkhani yonse. Simenti imene timaidziwa ife, yotchedwa Portland, inalandira dzinali kwa Joseph Aspdin, mmisiri wa njerwa wa ku Leeds ku Mangalande, amene analembetsa luso lake ku boma m'chaka cha 1824. Amatenga mwala wa laimu, nkuuphatikiza ndi dongo, nkuziotcha m'ng'anjo yaikulu yozungulira mpaka kutentha kufike madigiri pafupifupi 1,450. Chotuluka m'ng'anjomo ndi timiyala totchedwa clinker, ndipo timeneti akatipera pamodzi ndi gypsum pang'ono ndiye simenti ya m'thumba ija. Mbali yodula kwambiri ndi ng'anjoyo. Imadya malasha ochuluka, ndiponso mwala wa laimu ukapsa umatulutsa mpweya wa carbon dioxide: pa makilogalamu 100 alionse a mwala weniweni, makilogalamu 44 amauluka ngati mpweya. Ichi nchifukwa chake mafakitale a simenti a dziko lonse lapansi, amene amapanga matani pafupifupi 4 biliyoni pachaka, amatulutsa magawo 7 kapena 8 pa 100 a mpweya wonse woterewu umene anthu amautaya mumlengalenga.

Kuno kwathu mbiri ya clinker ndi yodziwika. Kwa zaka zambiri mwala wa laimu unkakumbidwa ndi kuotchedwa ku Changalume pafupi ndi Zomba, ndipo fakitale ya ku Blantyre inkadalira kumeneko. Ntchito ya ku Changalume itaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, fakitaleyo inakhala zaka zambiri ikuitanitsa clinker kunja. Pambuyo pake makampani ena anamanga ng'anjo zawo, ina ku Kasungu ndi ina ku Njereza m'boma la Mangochi. Zonsezi zikutiphunzitsa kuti kilogalamu iliyonse ya clinker imene tingaipulumutse ndi ndalama, ndi malasha, ndiponso ndi mwala umene udzatsalire ana athu.

Nzeru yosakaniza phulusa m'zomangira si yachilendo ai. Aroma akale ankatenga phulusa la mapiri ophulika moto pafupi ndi tawuni ya Pozzuoli, kufupi ndi Naples, nkulisakaniza ndi laimu ndi madzi, ndipo ankapeza matope olimba ngakhale pansi pa nyanja. Nyumba yotchedwa Pantheon mu mzinda wa Rome, imene inamalizidwa m'nthawi ya mfumu Hadrian zaka pafupifupi 1,900 zapitazo, ili ndi denga lozungulira la konkire lotambalala mamita 43, lopanda chitsulo m'kati, ndipo likadalipo. Kuchokera ku dzina la tawuni ija, chinthu chilichonse chimene chimagwira ntchito yotere chimatchedwa pozzolana. Ku America, damu la Hungry Horse, limene linamangidwa pakati pa 1948 ndi 1953, linagwiritsa ntchito phulusa la malasha lochokera kumalo opangira magetsi. Anzathu a ku South Africa amachita chimodzimodzi ndi phulusa la malasha awo, ndipo ku Kenya simenti yambiri ya m'masitolo imakhala yosakaniza kale ndi phulusa la mapiri. Wogula sadandaula, chifukwa kusakanizako kumachitikira m'fakitale, pa sikelo, pamaso pa woyesa.

Chimene chimachitika m'kati mwa konkire nchosavuta kuchimvetsa. Simenti ikakumana ndi madzi imabala zinthu ziwiri. Choyamba ndi ulimbo wolimba umene umagwirizanitsa mchenga ndi miyala. Chachiwiri ndi laimu wotsala, amene sathandiza kwenikweni pa mphamvu ya khoma ndipo madzi angathe kumusungunula pang'onopang'ono. Tsono phulusa labwino lili ndi silika, chinthu chomwecho chimene chimapanga mchenga ndi galasi, koma chili m'maonekedwe osakhazikika, ofulumira kugwirizana ndi zina. Silika ameneyu amagwira laimu wotsala uja nkumusandutsa ulimbo winanso. Timabowo ta m'konkire timatsekeka, madzi ndi mchere zimavutika kulowa, ndipo zitsulo za m'kati sizichita dzimbiri msanga. Kotero phulusa loyenera silingodzaza malo chabe. Limagwira ntchito.

Mwa zinyalala zonse za m'munda, mankhusu a mpunga ndiwo ali patsogolo. Mpunga pokula umakoka silika m'nthaka nkumusunga m'mankhusu kuti ateteze njere, ndipo nchifukwa chake mankhusu amakanda m'manja, sawola msanga, ndiponso ziweto siziwakonda. Akapsa, phulusa lake limakhala ndi silika woposa magawo 85 pa 100. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wina wotchedwa P. K. Mehta, wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, anaonetsa kuti chinsinsi chagona pa kaotchedwe. Kuyambira pamenepo kafukufuku wochuluka ku India, ku Thailand, ku Brazil ndi kwina wapeza kuti phulusa lokonzedwa bwino lingalowe m'malo mwa magawo 10 mpaka 20 pa 100 a simenti, konkire nkukhalabe yamphamvu, nthawi zina kuposa yopanda phulusa.

Pa kaotchedwe pamenepa ndi pamene tikufuna kuti owerenga athu aime ndi kuganizira mofatsa. Mankhusu ayenera kupsa ndi kutentha kwa pakati pa madigiri 500 ndi 700, mpweya ukulowa mokwanira, kwa nthawi yokwanira. Moto ukachepa, kapena mpweya ukasowa, phulusa limatuluka lakuda chifukwa ladzaza ndi makala osapsa. Makala amenewa amamwa madzi a konkire ndi kuifooketsa. Moto ukapyola, makamaka kupitirira madigiri 800 kwa nthawi yaitali, silika uja amauma nkukhazikika ngati mchenga wamba, ndipo sagwiranso ntchito ndi laimu. Tsono taganizani za mulu woyaka kuseri kwa chigayo. Pakati pake pamatentha kwambiri, m'mphepete simupsa, pansi pamasakanikirana ndi dothi, ndipo mvula ikagwa zonse zimakhala phala. Munthu akatapa ndowa ziwiri pa mulu womwewo, imodzi kum'mawa ina kumadzulo, angathe kupeza zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Maso amathandiza pang'ono, pakuti phulusa labwino limakhala lotuwa moyererako, koma maso sangasiyanitse silika wamoyo ndi wakufa.

Likapsa bwino liyeneranso kuperedwa mpaka lisalale ngati simenti yomwe, kapena kuposa. Ntchito imeneyi siitheka mu mtondo kapena pa mphero. Imafuna makina operera okhala ndi mipira yachitsulo, ndipo makinawo amafuna magetsi kapena dizilo. Tiwonjezere chenjezo limodzi kwa oyang'anira antchito: fumbi la silika, makamaka la phulusa lopsa mopitiriza, likamapumidwa kwa zaka limaumitsa mapapo, nthenda yomwe imapha anthu ogwira ntchito m'migodi. Mabanja ambiri m'dziko muno amene abambo awo anapita ku migodi ya golide ku Joni amaidziwa nthendayi. Palibe chifukwa choti tiibweretse pa chigayo cha mpunga kaamba kosowa chophimba kumphuno.

Tsopano tiwerengere, pakuti akuluakulu a boma sayenera kulonjeza anthu zinthu zimene masamu akukana. Pa makilogalamu 1,000 a mpunga wosakonola pamatuluka mankhusu olemera makilogalamu pafupifupi 200. Mankhusu amenewa akapsa amasiya phulusa la makilogalamu pafupifupi 40, losakwana ngakhale thumba limodzi la makilogalamu 50. Tikasakaniza pa muyezo wa gawo limodzi pa magawo khumi, makilogalamu 40 amenewo aphatikizidwa ndi makilogalamu 360 a simenti, ndipo zonse pamodzi zikwana matumba asanu ndi atatu. Titati tiyerekeze kuti matani 100,000 a mpunga akonoledwa ndipo mankhusu ake onse asonkhanitsidwa osataya ndi pang'ono pomwe, chimene sichingachitike, phulusa lake lingakhale matani 4,000, ndiye kuti matumba 80,000. Chiwerengerochi nchachikulu kwa boma limodzi ngati Karonga kapena Nkhotakota, koma nchaching'ono poyerekeza ndi simenti imene dziko lonse limadya pachaka. Choncho asatinamize munthu kuti mankhusu adzatseka mafakitale a simenti kapena adzagwetsa mtengo ndi theka. Phindu lake lili kumadera kumene mpunga uli pafupi koma fakitale ili kutali: ku Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, ku Limphasa ku Nkhata Bay, ku Bua ku Nkhotakota, ku Lifuwu ku Salima, ku Domasi ndi Likangala kufupi ndi Chilwa, ndi ku Muona ku Nsanje. Mankhusu ndi opepuka koma otenga malo ambiri. Kuwanyamula ulendo wautali pa lole nkutaya mafuta. Ayenera kupsera pafupi ndi chigayo, ndipo kukanakhala kwanzeru kuti moto wake uzigwira ntchito ina, monga kuumitsa mpunga kapena kuwiritsa madzi, m'malo mongotenthetsa mlengalenga.

Nzimbe zili ndi mwayi umene mpunga ulibe. Zotsala zake siziri mbalambanda m'midzi koma zili pamalo amodzi. Ku Nchalo m'boma la Chikwawa, ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota ndi ku Salima, mafakitale a shuga amaotcha kale zotsala za nzimbe zofinyidwa kuti apeze nthunzi ndi magetsi oyendetsera makina, ndipo phulusa limatuluka tsiku lililonse pa nyengo yodula nzimbe. Ku Brazil, dziko lolima nzimbe zambiri kuposa lina lililonse, akatswiri analifufuza kwambiri phulusa limeneli. Anapeza kuti lingathandize, koma silifika pa la mpunga. Ng'anjo za fakitale ya shuga zinapangidwira kutulutsa nthunzi, osati kukonza phulusa, motero kawirikawiri zimatentha mopitiriza, ndipo nzimbe zimabwera ndi mchenga wa m'munda umene umatsalira m'phulusamo. Liyenera kusefedwa, kuperedwa, ndipo nthawi zina kuotchedwanso. Komabe pamene pali fakitale pali sikelo, pali akatswiri, pali malo oyesera zinthu. Ife tikuona kuti kukambirana pakati pa opanga shuga ndi opanga simenti ndiyo njira yaifupi kuposa zonse, ndipo unduna woona za mafakitale ungathe kuwaitanira pa tebulo limodzi popanda kuwononga ndalama zambiri.

Wina adzafunsa za zitsononkho za chimanga ndi makoko a mtedza, poti zimenezi ndiye zili m'mudzi uliwonse. Ku Nigeria akatswiri analiyesa phulusa la zitsononkho ndipo anapeza kuti lingalowe pang'ono. Koma pano amayi athu ali ndi chidziwitso chimene tiyenera kuchilemekeza. Akafuna chidulo chophikira therere satenga mankhusu a mpunga. Amaotcha zitsononkho kapena masangwi a mtedza, nkucheza madzi m'phulusalo, chifukwa mmenemo muli mchere wakhambi umene umafewetsa ndiwo. Mchere womwewo, umene akatswiri amautcha potashi, ukachuluka m'konkire umalimbana ndi mitundu ina ya miyala, konkire nkutupa ndi kung'ambika patapita zaka. Chimene chili chabwino mu mphika wa therere sichili chabwino m'chipilala. Ndiponso potashi ndi chakudya cha mbewu, chimodzi mwa zimene alimi amalipira ndalama zambiri pogula feteleza. Alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri kuti mapesi ndi masangwi asaotchedwe koma abwerere m'nthaka. Sitikufuna kuti nkhani ya simenti ifafanize chiphunzitso chimenecho. Zoyenera kupita ku ng'anjo ndi zokhazo zimene zaunjikana kale pa chigayo ndi pa fakitale, zosowa kolowera.

Choopsa chachikulu chimene tikuchiona ndi ichi. Tonse tikudziwa kuti pa ntchito zina za chitukuko simenti imachepetsedwa mwakabisira. Pamene pakufunika thumba limodzi pa mawilibala owerengeka a mchenga, mmisiri wosakhulupirika amawonjezera mchenga, matumba otsala nkukagulitsa usiku. Kufikira tsopano munthu wotere akagwidwa analibe chonena. Mawa adzakhala nacho. Adzaloza phulusa la pamoto wa kukhitchini limene wathira m'matope nkunena kuti anamva kuti asayansi avomereza. Komiti ya sukulu imene sinaphunzitsidwe idzasowa poyankha, mwinanso idzamuyamikira kuti wapulumutsa ndalama. Khomalo lidzaoneka bwino tsiku lotsegulira, pakuti utoto subisa kanthu koposa mmene umabisira matope ofooka. Koma dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake imagwedezeka. Mu Disembala 2009 zivomezi zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambiri ku Karonga, boma lomwelo limene lili ndi mankhusu ochuluka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba, milatho ndi sukulu m'chigawo cha kumwera, ndipo anthu mazanamazana anataya miyoyo. Pa tsiku lotero anthu amathawira ku sukulu ndi ku tchalitchi, pokhulupirira kuti kumeneko makoma ngolimba. Pansi pa denga la kalasi imodzi ya pulayimale pamakhala ana ochuluka, nthawi zina oposa 100. Munthu wosewera ndi muyezo wa simenti pa nyumba yotere akusewera ndi miyoyo ya ana a eni.

Nchifukwa chake tikupempha bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lakhala likuyang'anira miyezo ya katundu kuyambira 1972, kuti likhale patsogolo pa nkhaniyi, lisadikire kuti phulusa liyambe lagulitsidwa m'misika. Poyambira palipo kale. Muyezo wa ku America wotchedwa ASTM C618, ngakhale unalembedwera phulusa la malasha ndi pozzolana wa m'nthaka, ndi umene ofufuza ambiri amayerekezerapo phulusa la m'munda. Umanena za kuchuluka kwa silika ndi zinzake, umaika malire a makala osapsa, umalamula kuti zotsalira pa sefa ya mabowo a mamaikironi 45 zisapitirire magawo 34 pa 100, ndiponso umafuna kuti matope amene gawo limodzi mwa magawo asanu a simenti yake lalowedwa m'malo ndi phulusa afike magawo 75 pa 100 a mphamvu ya matope a simenti yokhayokha. Akatswiri athu a ku MUBAS ku Blantyre, imene inali Polytechnic kufikira 2021, a ku MUST ku Thyolo ndi a ku LUANAR angathe kuyesa mankhusu a Kilombero ndi a Faya, ndi phulusa la ku Nchalo ndi ku Dwangwa, nyengo ndi nyengo, ndi mchenga wathu ndi miyala yathu, kuti muyezo umene udzalembedwe udzakhale wa kuno. Zimene zinatheka ndi mpunga wa ku Thailand ziyenera kutsimikizidwanso ndi mpunga wa ku Wovwe. Safunsa anadya phula.

Tiphunzirenso kwa amene anatsogola. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ku India ndi m'maiko oyandikana nalo anayesa timafakitale ta m'midzi topanga zomangira za laimu ndi phulusa la mankhusu. Tina mwa ito sitinakhalitse. Nzeruyo inali yoona, koma thumba la lero silinkafanana ndi la mawa, ndipo mmisiri akakhumudwa kamodzi sabwereranso. Chikhulupiriro cha amisiri chikatayika pa chiyambi, ngakhale phulusa labwino litadzabwera pambuyo pake, palibe adzaligule.

Muyezo ukadzakhalapo, ntchito iyambire pa zinthu zimene zikalephera sizipha munthu. Tikunena za mabwalo oyanikirapo mpunga m'masikimu, ngalande za madzi a mvula, njerwa zoyala pansi, mipanda yaifupi, pansi pa nyumba ndi pulasitala. Zipilala, mabimu, malintala, milatho ndi nyumba zosanja zidikire kufikira padzakhale simenti yosakanizidwa m'fakitale, yokhala ndi chidindo cha boma pa thumba. Pa mndandanda wa zodikira tiikeponso silabu ya chimbudzi cha sukulu. Ambiri amaiona ngati ntchito yaing'ono yoyenera kuyeserapo, chonsecho pansi pake pali dzenje lakuya ndipo pamwamba pake pamaima mwana.

Pali chinthu china chimene amisiri athu amachinyozera ngakhale pa simenti wamba, ndicho kuthirira. Konkire siilimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa madzi akupitiriza kugwira ntchito ndi simenti, ndipo nchifukwa chake mphamvu yake imayesedwa patapita masiku 28. Konkire ya phulusa imafuna chinyezi koposa, pakuti silika sangayambe ntchito yake kufikira simenti itatulutsa laimu uja. Iyenera kukhala yonyowa masiku osachepera asanu ndi awiri, yophimbidwa ndi masaka kapena udzu, ndipo masiku akachuluka ndi bwino koposa. Phulusa la mankhusu lilinso ndi timabowo tambiri, motero matope ake amaoneka ouma pokanda. Mmisiri wosadziwa amathamangira ndowa kuti awonjezere madzi, osazindikira kuti madzi ochuluka pokanda ndiwo amafooketsa konkire kuposa china chilichonse. M'mwezi wa Okotobala, dzuwa lili phwee ndipo mjigo uli kutali, kapitawo amene sanakonze za madzi othirira asayambe nkomwe kuthira konkire yotere.

Kwa aphunzitsi tikuti nkhaniyi ndi mphatso. Kawirikawiri ana amaphunzira za laimu, za asidi ndi za mchere ngati zinthu za m'buku zokha, zofunika pa mayeso basi. Pano pali phunziro limene zipangizo zake zili pakhomo. Mphunzitsi wa sayansi ku sekondale angathe kuumba ndi ophunzira ake tinjerwa tating'ono tofanana kukula: tina ta simenti ndi mchenga zokha, tina tothira phulusa lotuwa losefedwa bwino, tina tothira phulusa lakuda, tina tothira phulusa la m'khitchini. Theka la mtundu uliwonse alisunge m'madzi, theka lina alisiye padzuwa. Patapita masiku 28 atiyese pokoloweka ndowa ya mchenga pakati pa kanjerwa kalikonse nkumawonjezera kulemera kufikira katathyoka, ana akulemba zotsatira. Kuyesa kotere sikungapereke chilolezo chomangira nyumba, ndipo mphunzitsi anene zimenezi momveka. Koma mwana amene waona ndi maso ake kanjerwa ka phulusa lakuda kakufumbutuka sadzanamizidwa ndi mmisiri wakuba, ndipo ana amenewa ndiwo adzakhale m'makomiti a sukulu ndi m'makhonsolo. Sukulu zophunzitsa ntchito za manja, monga Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ziyenera kupita patsogolo pa apa ndi kuphunzitsa amisiri achinyamata kuyeza zosakaniza pa sikelo, pakuti phulusa ndi lopepuka kuposa simenti ndipo woyeza ndi ndowa adzasokera.

Kwa mabwanamkubwa, akuluakulu oona za zomangamanga m'makhonsolo ndi onse osaina mapangano a ntchito za boma, pempho lathu ndi lakuti mawu alembedwe m'pangano lenilenilo. Pakhale ndime yonena kuti palibe phulusa la mtundu uliwonse lololedwa m'matope kapena m'konkire pokhapokha ngati injiniya walemba chilolezo, ndipo pali kalata ya zotsatira za kuyesa kwa phulusa lomwelo. Makomiti a sukulu ndi mafumu auzidwe ndimeyi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'chinenero china cha kumaloko tsiku lopereka malo kwa kontirakitala, kuti adziwe kuti ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito. Ndipo akuluakulu a zaulimi ayambe msanga kukambirana ndi magulu a alimi m'masikimu a mpunga za mwini wake wa mankhusu. Lero mlimi amawasiya pa chigayo osafunsa kanthu chifukwa alibe mtengo. Tsiku limene ng'anjo yoyamba idzayake, mankhusuwo adzakhala ndi mtengo, ndipo oweta nkhuku ndi oumba njerwa amene amawatapa lero adzafunanso gawo lawo. Magulu a alimi amene ali ndi zigayo zawozawo alembe m'malamulo awo nyengo yokolola isanafike kuti ndalama za mankhusu zidzalowa m'thumba la gulu, ndiponso kuti ndi gawo lotani limene lidzatsalire makola a nkhuku a mamembala.